Thirakitala ya Bambo a Kachete

Mtsikana uyu ankamutcha Kachete. Sankayankhula kwambiri. Kachete ankafuna mnzake wocheza naye. Koma pafamu panalibe mwana wina.

M'mawa amayi ankapita kumunda. Malume ankapitanso kumunda. Kachete ankatsala yekha.

Kuseri kwa nyumba kunali thirakitala yakale. Inali ya malemu bambo ake. Inachita dzimbiri. Sinkayenda.

Tsiku lililonse Kachete ankakwera pampando. Ankagwira chiwongolero.

"Lero tipita kuti?" ankaifunsa.

Thirakitala sinkayankha. Kachete ankangokhalabe pomwepo.

Tsiku lina malume anabwera ndi makaniko.

"Amisiri, iyeseni kaye," anatero malume. "Ikakana kulira, muiphwasule. Zitsulo tigulitse."

Kachete anamva zonsezi. Akaiphwasula, iye azikhala kuti?

Makaniko anathira dizilo. Anamanga batire. Anayesa kuiliza.

Khoo! Khoo! Zii.

Anayesanso.

Khoo! Khoo! Zii.

"Iyi inafa kalekale," anatero makaniko. "Yangotsala kukhala khola la nkhuku."

Anatenga sipanala. Anamasula nyali imodzi. Anaiika pansi.

"Malume," anatero Kachete.

Palibe anamva. Makaniko anagwira nyali yachiwiri.

"Malume! Sinafe ayi. Ikubanika!"

Malume anatembenuka. "Ukuti chiyani, mwana iwe?"

Kachete analoza paipi ya utsi. "Mavu anamanga nyumba umo. Ankabwera ndi dothi. Ankalowa, n'kutuluka. Ankalowa, n'kutuluka."

"Unawaona liti?"

"Tsiku lililonse, malume. Ndimakhala pano ndekha."

Malume anayang'ana pansi.

Makaniko anamasula paipi ija. Anasuzumiramo. Munali mutadzaza dothi louma. Mavu anali atasamuka kale.

"Aaa! Zaka zonsezi ndili pantchito, lero andiphunzitsa mavu!" anatero makaniko.

Anatokosa ndi waya. Dothi linagwa. Anatokosanso. Dothi linagwanso. Kenako anabwezera paipi.

Khoo! Khoo! Du! Du-du-du-du!

Utsi wakuda unatuluka. Nkhuku zinabalalika. Thirakitala inalira!

Amayi anabwera akuthamanga, khasu lili m'manja. Anaima. Anamvetsera. Misozi inatsika.

"Bambo ako akamabwera, tinkamvera phokoso limeneli," anatero amayi.

Malume anakanda kumutu. "Amisiri, bwezerani nyaliyo. Sitikuphwasulanso."

Kenako ananyamula Kachete. Anamukhazika pampando. Mpando unkanjenjemera. Kachete anaseka mpaka mano onse kuonekera.

"Dzimbirili ndi lambiri," anatero malume. "Ndekha sindingathe. Mawa tiyamba kupala, iwe ndi ine."

"Nanga mkuja?" anafunsa Kachete.

"Mkuja tipalanso."

"Nanga tikamaliza?"

"Tidzapaka penti. Mtundu udzasankha ndiwe."

"Ineyo ndiye ndigwira chiyani?" anafunsa amayi.

Kachete anasendera pang'ono pampando.

"Ikani khasulo pansi, amayi. Kwerani. Malo alipo."