Mluzu wa m'Nkhungu ya Chikangawa

Izi sindinachite kumva kwa munthu, ndinaziona ndekha. Wokayika apite ku Mzimba boma, kuseri kwa msika, akafunse a Hector Tembo okonza njinga. Iwo ndi alongo ake a mnzanga Esme, ndipo ndiwo akumusunga mpaka lero. Adzakuuzani zomwezi, kapena adzangokuyang'anani n'kupitiriza kumata chubu.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, kutchalitchi kwathu ku Engutwini analengeza kuti bungwe lina loona za mbalame likufuna anthu ongodzipereka, okathandiza dzinja limodzi kumapiri a ku Chikangawa. Anati kuli chakudya, jombo ndi tenti yogonamo, basi. Ambiri anaseka. Ine ana anga anakula, fodya ndinasiya kulima, ndiye ndinalembetsa. Mnzanga Esme, amene timamutchula NyaTembo, analembetsanso. Izi zinandidabwitsa, chifukwa mwamuna wake Enos anafera komweko zaka zitatu zapitazo. Anali wocheka matabwa, chipika chinamugubudukira.

Nditamufunsa anangoti, "Pakhomo ndimaganiza chomene, NyaBota. Bola ndikaone mbalame."

Wotitsogolera anali a Richard, bambo wofatsa wa ku Zomba, wodziwa mbalame ngati abale ake. Msasa wathu unali m'mphepete mwa kankhalango kachilengedwe. Kumunsi kwake kunali chigwa chimene paini anadulidwa kalekale, moto n'kudutsamo, kungotsala zitsa zakuda. Ntchito inali yosavuta koma yofuna mtima. M'bandakucha tinkatchera maukonde opyapyala ngati tsitsi. Pakapita theka la ola tinkawazungulira, chifukwa mbalame ikakhalitsa mu ukonde imafa ndi kuzizira. Tikaiwonjola tinkaiika m'kathumba ka nsalu, a Richard n'kuyeza phiko, kuiveka kamphete ka nambala kumwendo, kenaka n'kuiulutsa. Zina ankati zachokera kutali, kuoloka maiko. Esme anali ndi manja abwino. Kambalame kakathupsa m'manja mwanga, mwa iye kankangokhala phee.

A Richard analinso ndi njira yawo ina. Akamva kulira kwa mbalame yobisala, ankakujambula pafoni, mawa lake n'kukuliza pa kasipika pafupi ndi ukonde. Mbalameyo imayesa kuti kwabwera inzake, imatuluka n'kukodwa. Ankakonda kunena kuti mbalame ukailankhula m'chinenero chake imabwera ndithu.

Tsiku lina mu Januwale nkhungu inatsika yambiri, yoti munthu sungaone mapazi ako. Esme anatsala kumsasa, mutu ukumupweteka. Ine ndi a Richard tili paukonde wakumunsi, tinamva mluzu kuchokera kuchigwa cha zitsa. Unalira kawiri mwachidule, kachitatu motalika, n'kukwera kumapeto. A Richard anatukula chala kuti ndisasunthe, natulutsa foni.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndili pantchito imeneyi," ananong'ona, "iyi sindinaimvepo."

Tsiku lonse anali osangalala ngati mwana. Anatsegula mabuku awo onse, osaipeza.

Mawa lake nkhungu inabweranso. Tinatchera ukonde moyang'ana kuchigwa. A Richard anakabisala kumbali, ine n'kundisiyira kasipika ndi foni. Mluzu uja utalira kutali, anandikodola. Ndinadina ndine. Ndi chala changa ichi.

Kasipika kanalira: kawiri mwachidule, kachitatu motalika.

Kuchigwa kunayankha. Ndinadinanso. Kunayankhanso, pafupi.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti mbalame zonse zaleka kulira. Nthawi imeneyo nkhalango imakhala ili pokopoko, koma munangomveka madontho ogwa m'masamba. Kenaka fungo linafika, la paini wongochekedwa kumene, utomoni ukadali wauwisi. Kumeneko mtengo wa paini wamoyo unali kutali, ulendo wa ola lathunthu.

"Zimitsani."

Anali Esme, ataima kumbuyo kwanga ndi timatumba m'manja. Milomo yake inali itatuwa.

"Ndapota, zimitsani. Si mbalame iyo."

Kumsasa anatifotokozera pang'onopang'ono, maso ali pansi. Macheka a pamanja amafuna anthu awiri. Chipika chimagonekedwa pamwamba pa dzenje, wina amaima pachipikapo, wina amalowa m'dzenje, n'kumakokerana sowo. Enos ankaima pamwamba. M'mawa wa nkhungu, akakonza zonse, ankaimba mluzu umenewo kuitana mnzake wa m'dzenje. Mnzakeyo akaubwereza, ndiye kuti wanena kuti ndikubwera.

"Mbwenu, ndiye kuti mwamuyankha," anatero.

A Richard sanamuseke. Anati zilipo mbalame zotsanzira, zimene zimatola mluzu wa munthu n'kuusunga zaka. Ananena zimenezo mwaulemu, koma ndinaona akufufuta mawu aja pafoni, kasipika n'kukatsekera m'bokosi.

Tinaleka kutchera kumunsi. Sizinathandize. M'mawa uliwonse, kusanayere bwino, mluzu unkalira. Tsiku loyamba unali kuchigwa. Lachiwiri m'mphepete mwa nkhalango. Lachitatu pamtsinje pamene tinkatunga madzi. Palibe ankayankha. Ine chakudya chinasiya kulowa. Ndinapempha kuti tizipita kwathu, a Richard navomera, koma galimoto yodzatitenga inali yoti ifika Loweruka, ndipo kukafika kumsewu waukulu wapansi, m'matope amenewo, linali tsiku lathunthu.

"Kupita sikungathandize," Esme anandiuza tikutsuka mbale. "Munthu anauzidwa kuti mnzake akubwera. Enos sanali wodziwa kudikira."

"Nanga akufuna ndani?"

Anapukuta mbale imodzi nthawi yaitali.

"Amene anayankha ndinu, NyaBota."

Tsiku lachinayi ndinakana kupita kumaukonde. Ndinakhala pachitsa pafupi ndi moto, nditafunda bulangete. Esme anakhala nane. Nkhungu inali itakuta ngakhale matenti. Moto unayamba kuzilala wokha, nkhuni zili zouma.

Fungo lija linafika.

Mluzu unalira kumbuyo kwanga. Pafupi. Mpweya wake unandikhudza pakhosi, wozizira.

Ndinafuna kupemphera, lilime linakana. Miyendo yanga inayamba kudzuka yokha. Sindinaitume. Ndinaimirira, bulangete linagwa.

Esme anandigwira paphewa n'kundikhazika pansi mwamphamvu. Anayang'ana m'nkhungumo.

"Musiyeni uyu," anatero motsitsa. "Si wanu. Sowo saidziwa n'komwe."

Kenaka anasongola milomo. Kawiri mwachidule, kachitatu motalika.

Anavula jombo, naziika bwinobwino pambali pa moto. Analowa m'nkhungu.

Mawu anga atabwerera ndinaitana a Richard. Tinathamangira kuchigwa, tikugwa m'zitsa, tikuitana dzina lake. Sanayankhe. Tinazungulira mwina ola. Kenaka a Richard anandigwira mkono.

"Tamverani."

Sowo. Kukoka, kubweza. Kukoka, kubweza. Mosafulumira, ngati anthu ozolowerana.

Tinatsata phokosolo. Tinafika padzenje lakale la macheka, lomera udzu m'mbali. Pamwamba pake panali mitanda iwiri yowola. Chipika panalibe. Munthu panalibe.

Esme anali m'dzenjemo. Manja onse awiri atafumbata m'mwamba, akukwera, akutsika. M'manjamo munalibe kanthu. Utuchi unkagwa kuchokera pamwamba. Wachikasu, wouma, m'mawa wonyowa ngati umenewo. Unali utadzaza m'tsitsi lake, m'mapewa, m'zikope. Iye osaphethira.

A Richard analumphiramo n'kumunyamula. Sowo inaleka pomwepo. Titatambasula zikhatho zake, zinali matuza okhaokha, ena ataphulika.

Loweruka tinapinda maukonde, ntchito n'kuthera pomwepo, miyezi iwiri isanakwane. A Richard anatiperekeza mpaka kuchipatala. Anamupima zonse, sanapeze nthenda. Abusa anabwera, amayi a chigwirizano anabwera, anapemphera ndi mtima wonse. Esme ankawathokoza aliyense, yewo, yewo chomene. Nzeru zake zili bwinobwino. Amadziwa anthu, amafunsa za mbewu kumudzi.

Koma akazi awo a Hector amati masiku ena, m'mawa kukachita nkhungu, amamupeza atatopa ngati wachokera kumunda, chitseko chili chokhoma. Pamphasa pamakhala utuchi. Amausesa mwakachetechete n'kukautaya kuchimbudzi, ana asanadzuke. Matuza akapola, ena amatuluka. Thupi likutha.

Ndimapita kukamuona mwezi uliwonse. Ndimatenga mazira, nthawi zina nthochi. Sanandinenepo mawu oipa, ndipo chimenecho n'chimene chimandilemera. Mwezi wathawu ndinamupeza atakhala pakhonde, manja atakulunga m'nsalu. Ndinamupempha kuti andikhululukire, monga ndimachitira nthawi zonse.

"Lekani zimenezo, NyaBota. Ntchito ya Enos si yaikulu. Tatsala pang'ono."

"Ntchito yanji?"

"Matabwa. Akufunika asanu ndi limodzi. Asanu tacheka kale."

Ndinafunsa kuti ndi matabwa a chiyani. Anayang'ana kumsewu, kumene lole ya matabwa inkadutsa pang'onopang'ono.

"Sananene," anatero. "Angoti asakhale aatali. Msinkhu wangawu ukwanira."