Kodi Sisi Shakila ndi Haka?

Subira amakhala ku Rutendo. Ali ndi mkulu wake, Shakila. Shakila amagwira ntchito ya kompyuta ku Gweru.

Aphunzitsi anati Lolemba mwana aliyense adzanene ntchito ya m'bale wake. Subira ankafuna kunena ya Shakila. Koma dzina la ntchitoyo sankalidziwa.

Anafunsa mnzake Paidamoyo.

"Sisi vako ihaka," anatero Paidamoyo m'Chishona, kunena kuti sisi ake a Subira ndi haka.

M'Chishona, haka ndi kanyama ka mamba thupi lonse. Ana ena amene analipo anaseka. Subira sanaseke. Sisi alibe mamba.

Anafunsa amayi. Amayi anati Shakila ndi divelopa. Subira amadziwa madivelopa a ku Mkoba. Iwo amamanga nyumba. Koma Sisi sanyamula njerwa.

Anafunsa ababa. Ababa anati Shakila ndi injiniya. Ababa ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo. Kumeneko mainjiniya ankavala majombo ndi zipewa zolimba. Koma Sisi amavala hijabu ndi masilipasi.

Mutu wa Subira unaima.

Loweruka Shakila anatsika kombi, minibasi yochokera ku Gweru. Subira anamuyang'ana manja. Anamuyang'ananso kumsana ngati kuli mamba. Misozi inalengeza.

"Sisi, kodi inuyo ndinu chiyani?"

Subira anafotokoza, Shakila anamva zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi.

Anati haka wa Paidamoyo ndi mawu a Chingelezi. Anachokera ku mawu onena kutema ndi nkhwangwa. Ena amatchula choncho katswiri wa kompyuta. Ena amatchula choncho wakuba wa pa kompyuta.

"Ine sindine wakuba," anatero Shakila. "Ndimalemba mapulogalamu."

Anati mawu oti pulogalamu anachokera ku Chigiriki chakale. Amanena zolembedweratu. Iye amalemberatu malangizo. Kompyuta imawatsatira.

"Nanga amayi ndi ababa anama?" anafunsa Subira.

"Ayi. Pulogalamu imamangidwanso. Koma njerwa zake ndi mawu."

Subira sanamvetse bwino. Shakila anatsegula kompyuta yake. Anagwira chala cha Subira. Analemba limodzi, pang'onopang'ono.

Kompyuta inayankhula. "Salaam aleikum, ababa."

Ababa anadzidzimuka pampando. "Aleikum salaam," anayankha mwaulemu. Anayang'ana kukhomo. Kunalibe mlendo.

Amayi anagwira pakamwa.

"Ndi ine, ababa," anatero Subira. "Ndalemba pulogalamu ngati Sisi. Lolemba ndikanena zimenezi."

Ababa anakoka mpando kufupi.

"Iuze ipatsenso moni amayi ako," anatero.