Haidrojeni wa Ba Killian

Anakumana pa siteji ya basi ku Kabwata, zaka zija chipani chinali chimodzi ndipo basi inkabwera ikafuna yokha. Tryness, mtsikana wotaipa mu ofesi ina pa Cairo Road, anali pamzere. Kumbuyo kwake kunaima mwamuna wamtali atakumbatira katoni.

Anthu atayamba kukankhana, katoni ija inabooka pansi. Timipira tamtengo, tofiira ndi toyera, tinangoti mbwee mumsewu. Tryness anatola kamodzi koyera.

"Ba sisi, mwatola hydrogen wanga," mwamunayo anatero akuseka.

"Ni dzina la mwana wanu?"

"Awe! Nilibe mwana, nilibe mukazi. Ndine Killian, nipunzisa science ku sekondale ku Libala. Utu ni tuma atom topunzisila bana."

Basi ya ku Libala inabwera n'kupita, Killian osakwera. Ana a eni ake anadikira aphunzitsi mmawa umenewo.

Pakamwa pa Killian panali pozuna. Anyamata ena a m'tauni ankafunsira ndi chipisi ndi kanema, iye ankafunsira ndi sayansi. Loweruka lina atakhala ndi Tryness pa benchi ku Woodlands, anatulutsa kampira kofiira ndi kamtengo.

"Mami, atom ili monga muntu, siifuna kunkala yeka. Ili na tuntu tung'ono tozunguluka kunja, ma electron. Yakapelewela, isakila inzake yogwilana nayo."

"Manje igwila bwanji, ilibe manja?"

"Zinangu zipasana. Mu mchele, sodium ipasa, chlorine itenga, zakokana. Koma ife ayi, sweetie. Ise ni covalent bond, tigawana vonse." Anasomeka kamtengo m'kampira kofiira, kumapeto kwake n'kusomekako koyera. "Ine ndine oxygen, iwe hydrogen wanga. Tikagwilana tinkala manzi. Nanga muntu angankale bwanji kulibe manzi?"

Tryness sukulu anasiyira Fomu 2, sayansi asanaimve kukoma. Koma apa anaimva mpaka m'mafupa! Ndani anamuuzapo kuti iye ndi theka la madzi?

Killian anazula kampira koyera n'kumufumbatitsa. "Sunga. Nilibe hydrogen winangu pa dziko. Mwezi ukasila nizatuma bashibukombe kwa anti bako."

Bashibukombe ndiwo ankhoswe kwawo kwa Killian ku Luapula. Tryness anakafotokoza zonse kwa azakhali ake a Bernadette ku Chilenje, amene anamulera. Azakhaliwo sanali munthu wosunga nkhani. Pofika Lamlungu, amayi onse a kutchalitchi anali atadziwa kuti Tryness wapeza mphunzitsi.

Mwezi unatha. Wina unathanso. Killian anati amalume ake adwala, kenako anati mvula yadula msewu wa kumudzi. Azakhali akangomuona Tryness pakhomo, moni wawo unali umodzi: "Babwela liti bantu bako?"

"Manje manje, anti," Tryness ankatero, dzanja lili m'chikwama, likusisita kampira kaja.

Tsiku lina mnzake wa kuntchito anamuuza kuti Lachisanu kusukulu ya Killian kuli chionetsero, makolo akaona zimene ana akuphunzira. Killian sanamuuzeko. Tryness anati mwina waiwala, poti anthu ophunzira mitu yawo imadzaza. Anapempha kuweruka msanga kuti akamudzidzimutse.

Anapeza chipinda cha sayansi chitadzaza, iye n'kuima kumbuyo. Killian anali kutsogolo atavala khoti loyera. Mtima wa Tryness unanyada. Uyu ndiye wake!

Killian anakweza kampira kofiira kaja. Kanali ndi timitengo tiwiri, tonse topanda kanthu kunsonga.

"Class, oxygen igwila ma hydrogen yangati kuti inkale manzi?"

"Yabili!" ana onse anakuwa.

"Ikagwila imozi chabe?"

"Ninshi siinakwane, sir!"

Awiri? Tryness anayang'ana chikwama chake. Koma anadzitonthoza kuti izi n'za m'mabuku, sizikhudza anthu.

Killian anafufuza m'katoni, n'kupepesa makolo kuti timipira toyera tatha, ana amataya. Tryness sanaganize kawiri. Anatsegula chikwama n'kuyamba kupita kutsogolo, kampira kali m'manja.

Nthawi yomweyo pa benchi yakutsogolo panadzuka mayi wina wovala yunifomu ya unamwino, mphete ikung'anima pachala.

"Darling, nili nako apa," anatero, akutulutsa kampira koyera m'thumba.

"Ni ba Peggy ba ku Chelstone," mayi wina ananong'oneza mnzake pamene Tryness ankadutsa. "Ukwati wao na ba sir ni mu Ogasiti."

Anafika patebulo onse pamodzi. Anayang'anana kumaso, kenako m'manja. Timipira tinali tofanana ndendende. Killian anayang'ana uyu n'kuyang'ana uyo, thukuta kamukamu.

Peggy anasomeka kake pa kamtengo kakumanzere. Tryness anasomeka kake kudzanja lamanja. Madzi anakwana. Makolo anaomba m'manja mwamphamvu, poganiza kuti aphunzitsi anakonzeratu sewerolo.

"Mami, lindila panja," Killian ananong'ona. "Nizakufotokozela."

"Mwafotokoza kale, ba sir. Na bana bonse bamvela."

"Nimakukonda, Tryness!"

"Niziba. Munakamba mweka kuti tigawana vonse. Ine ndiye sin'nafunse kuti tigawana na ndani."

Anatuluka osathamanga. Misozi inadikira mpaka atadutsa pageti, ndipo itayamba sanaipukute. Zinamuwawa kwambiri, makamaka podziwa kuti yankho linali pakamwa pa mwana aliyense wa Fomu 3 nthawi yonseyi. Basi, imene tsiku lililonse inkavuta, tsiku limenelo inafika msanga.

Ku Chilenje anapeza azakhali ali pakhonde ndi amayi awiri a kutchalitchi, akusankha nsalu ya yunifomu ya paukwati.

"Wabwela bwino, mwana wanga! Ona iyi ya buluu. Manje tiuze, babwela liti bantu bako?"

Tryness anaika chikwama pansi. Chinali chopepuka.

"Pindani nsalu, anti. Sibabwela," anatero. "Yenze manzi chabe."