Seveni Womangidwa Lamba

Lachiwiri, Madamu watsopano wa masamu analemba 142857 pabolodi, n'kuuza ana a kalasi yomaliza kuti nambalayi ili ndi khalidwe lachilendo: ukaichulukitsa kawiri, katatu, mpaka kasanu ndi kamodzi, manambala ake omwewo amangosinthana malo. Ana anaomba m'manja. A Rula, amene anaphunzitsa kalasiyo zaka makumi awiri popanda wowaombera m'manja, anamva phokosolo ali pakhonde, nsanje n'kuwagwira. Ahedi anali atanena kale kuti Lolemba likubweralo kalasiyo idzapatsidwa kwa mmodzi mwa awiriwa.

Ana ataweruka, a Rula anafufuta bolodi lonse, anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba.

M'mawa pabolodi panali 285714. Anafufutanso. Lachinayi panali 428571, Lachisanu 571428, loko ali chikhomere. Ana ankanong'onezana kuti nambala ya Madamu imabereka usiku. Mlonda analumbira kuti amamva choko chikulira m'chipindamo, kwii, kwii, koma nyali osaoneka. Ngakhale ana odana ndi masamu ankathamangira kudzaona, ndipo dzina linali pakamwa pa aliyense linali la Madamu.

"Matsenga anuwa muwasiye," a Rula anamunong'oneza pakhonde. "Kiyi wina mwamutenga kuti?"

"Aphunzitsi, inenso ndikuopa," anatero Madamu motsitsa mawu. "Taonani bwino seveniyo. Wanga sindimudula kamzere pakati."

Pasukulu ponse womanga seveni lamba anali mmodzi yekha, a Rula. Ndiye kuti mtsikanayu wafika pobera ndi kalembedwe kanga komwe, anaganiza choncho.

Loweruka a Rula anapeza 714285, Lamlungu 857142. Madzulo a tsikulo anadzikhomera mkati, n'kukhala pampando pafupi ndi bolodi kuti amugwire. Mdima unadzaza chipinda mpaka madesiki anasowa. Malata ankathetheka pamene ankazizira. Kenako choko chinayamba kulira, pang'onopang'ono, pafupi kwambiri, cha kudzanja lawo lamanja.

"Madamu, ndakugwirani," ananong'ona.

Choko chinangopitiriza, kwii, kwii, kasanu ndi kamodzi, n'kukhala chete.

Kutacha, Ahedi analamula mlonda kuti athyole loko. Anapeza a Rula ali chiimire, maso ali tong'o, zala zayera mbuu ndi choko. Pabolodi panali 999999.

"Ndi nambala ija kuichulukitsa kasanu ndi kawiri," anatero Madamu, atagwira pakamwa. "Ana ndinali ndisanawauze."

Ahedi anayang'ana zalazo kwa nthawi yaitali. "Kalasi atenga Madamu, achimwene. Inu mukayambe mwapuma."

A Rula anafuna kukana, kunena kuti iwo nambala yoipayo ankangoifufuta. Koma dzanja lawo lamanja linali litanyamuka kale, choko chili pakati pa zala, likubwerera kubolodi.