Vasiti ndi Makina Osapereka Moni

"Kodi makinawa atenga ndani chaka chino?" anafunsa Vasiti.

Amayi ankapala kokonati. Mchimwene wake Waisea ankapopa mpira.

Vasiti anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sankafuna kuchoka pachilumba chawo.

Chaka chatha makina oyeza mtima anabwera pa boti. Anaona mtima wa Waisea. Kenako Waisea anapita kuchipatala cha mumzinda wa Suva. Anakhalako miyezi itatu. Anabwerako ndi chipsera pachifuwa.

Tsopano makinawo anabweranso.

Vasiti anaonetsetsa zonse. Alendo akafika m'mudzi amapereka mizu ya chomera cha kava ngati moni. Anamwino anapereka. Woyendetsa boti anapereka. Makinawo sanapereke kanthu. Analowa m'kalasi ali m'bokosi, osapereka ndi moni womwe.

Ana anaima pamzere. Vasiti anapita kumbuyo. Mzere unafupika. Vasiti anapitanso kumbuyo. Kenako kumbuyoko kunatha.

"Lowa, mwanangu," anatero anamwino, Mayi Mereoni.

"Ayi. Mlendo wosapereka moni ndi wakuba."

"Wakubera chiyani?"

"Anandibera achimwene."

Waisea anasuzumira pawindo. "Iwe wamantha iwe! Wobedwayo si ine ndili pano?"

"Inu khalani chete, achimwene. Simudziwa kanthu. Munali m'tulo."

Mayi Mereoni sanaseke. "Wanena zoona, apereke moni kaye," anatero. "Waisea, bwera ugone pabedi apa."

Waisea anagonera kumanzere. Anamupaka mafuta ozizira pachifuwa. Anamuika kachipangizo pafupi ndi chipsera chija. Makina analankhula: gu-gu, gu-gu, gu-gu!

"Moni wake ndi umenewo," anatero Mayi Mereoni. "Taona pagalasipa. Uwu ndi mtima. Uli ndi tizitseko. Aka kanaonongeka. Ku Suva anakakonza."

Vasiti anayang'anitsitsa. Kachitseko kankatseguka. Kachitseko kankatsekeka. Sikanaphonye.

Ndiye Vasiti anagona. Anatsinzina diso limodzi lokha. Mafuta anazizira. Gu-gu, gu-gu, gu-gu!

Mayi Mereoni anayang'ana pagalasi. Anayang'ananso.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Vasiti.

"Kachitseko kamodzi sikakutsekeka bwino. Magazi pang'ono akubwerera."

Vasiti anagwiritsa m'mphepete mwa bedi. "Ndiye nditengedwa?"

"Ayi. Kako takaona msanga. Uzibayitsa jakisoni mwezi uliwonse, konkuno."

"Konkuno? Osakwera boti?"

"Osakwera boti."

Madzulo anadya chinangwa ndi nsomba ya mumsuzi wa kokonati. Amayi anakhazika Vasiti pafupi kwambiri. Anamupatsa mutu wa nsomba.

"Jakisoni amawawa, ndikuuziretu," anatero Waisea. "Koma tizipita tonse. Ukalira, ndiziimba mokweza."

"Mukaimba inu, ndiye ndilira," anatero Vasiti.

Onse anaseka. Vasiti ananyambita zala. Anayang'ana kugombe, kumene kunali boti.

"Mawa bokosi lija ndinyamula ine mpaka ku boti," anatero. "Ndekha."