Aleke Sanatsanzike

Aleke ankakhala ku Bentley, mumzinda wa Perth. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake asachoke.

Koma ntchito ya amayi inali kutali, ku Antakitika. Kumeneko kulibe mitengo. Kulibe mabasi. Kuli madzi oundana okhaokha. Amayi ankayeza madzi oundanawo. Ankayezanso mpweya.

Tsiku lonyamuka linafika. Bambo ndi amayi anagwirana manja kuti apemphere. Aleke anakana. Anathawa. Anakabisala kuseri kwa mtengo wa mandimu.

"Aleke, bwera mwanangu," amayi anaitana.

"Sindibwera!"

Takisi inaliza hutala. Amayi anadikira. Anadikirabe. Kenako anapita.

Madzulo mkwiyo unatha.

"Adadi, tiyeni tiwatsatire amami," anatero Aleke. "Ndikufuna ndiwakumbatire."

Bambo anagwada pafupi naye.

"Sizitheka, mwanangu. Kunjaku kuli matenda a korona. Amami akabindikira kaye okha m'chipinda. Sakufuna kukafika ndi matenda kwa anzawo. Akatero, akwera sitima yapamadzi."

"Nanga abwera liti?"

"Chaka chamawa. Nyanja ikaundana, sitima siyenda."

Aleke analira.  Bambo anamufunditsa juzi la amayi.

Lamulungu lililonse amayi ankaimba foni.

"Lero mwatani, amami?"

"Ndaulutsa chibaluni choyera. Chimayeza mpweya wam'mwamba."

"Nanga dzulo?"

"Ndinaulutsa china."

"Nanga mawa?"

"Chinanso! Ndiyezanso madzi oundana. Tikufuna tidziwe ngati akusungunuka. Ntchitoyi siifuna kudumphitsa tsiku."

Aleke ankaseka. Koma foni ikaduka, kuseka kunkatha. Foni sungaikumbatire.

Masiku anapita. Mandimu anapsa. Mandimu anatha. Dzino la Aleke linagwedera. Linaguluka. Linanso linaguluka. Amayi sanaone.

Popemphera Aleke ankanong'ona. "Ambuye, ndikanangotuluka kuseri kuja."

Chaka chinatha. Amayi anabwera! Koma anavala masiki. Anaima patali.

"Usandiyandikire kaye," anatero. "Lamulo likuti ndibindikirenso."

Analowa m'chipinda chakuseri. Anatseka chitseko.

Aleke sanathawe. Sanabisale. M'mawa uliwonse ankanyamula tiyi ndi manja awiri. Ankayenda pang'onopang'ono. Ankaika kapu pakhomo.

"Odi, amami. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, mwanangu. Kaya iwe?"

Tsiku lina Aleke anati odi. Chitseko chinatseguka. Masiki panalibe.

Aleke anaika kapu pansi. Tiyi anatayika pang'ono. Anawakumbatira amayi. Anawagwira zolimba.

"Pepani, amami. Sindinakutsanzikeni."

"Ndinamva kuti ukulira kuseri kwa mtengo kuja," anatero amayi. "Inenso ndinalira m'takisi."

Amayi anamuyang'ana kumaso.

"Tatsegula pakamwa. Aa! Mano atsopano! Wakula ine kulibe."

Bambo anafika ndi chopukutira pansi. Anaima. Anachisiya. Nawonso anawakumbatira onse awiri.

"Mukundifinya!" anatero Aleke.

Koma sanawasiye.