Mpando wa Kumanzere

Nyerere zachitsulo zinatuluka m'kabokosi pamzere umodzi, zikuthwanima ngati ziphaniphani, n'kulowa m'mimba mwa pikapu yakaleyo. Iliyonse inali yosaposa kambewu ka mpunga, koma inali ndi maso, makutu ndi timano towotcherera mawaya. Kabokosi kamene zinkakhalamo dzina lake kanali Kamasula, ndipo kankalankhula. Anakapanga ndi Sungeni Mlotha, makaniko wachitsikana wa pa Lizulu, amene zala zake sizinkatha girizi ngakhale pa Sabata.

Pofika chaka cha 2063 galimoto zambiri zinkayendera magetsi, zinkadziyendetsa zokha, ndipo zikadwala zinkadziitanira wozikonza. Zamafuta zinatsala zowerengeka, anthu omva chilankhulo chake nawonso anali atatha. Pajatu galimoto zakale sizinkanena poyera chimene chikuziwawa. Zinkangoyatsa kanyali kachikasu kutsogolo kwa woyendetsa, dandaulo lenilenilo n'kulibisa m'manambala. Kuti uwerenge manambalawo unkalumikiza chipangizo pakabowo ka pansi pa chiwongolero. Ndiye ukawawerenga usati wamaliza, chifukwa nambala imangokulozera dera, kufufuza n'kwako. Sungeni ankati manambala amenewa ndi zilape, motero anaphunzitsa Kamasula kuti kasananene zimene kapeza kaziyamba kafuula kuti, "Chilape!"

M'mawa umenewo ntchito inali pakhomo pa mayi Nachisale, kuseri kwa msika. Pikapuyo inali ya amuna awo, malemu bambo Gwaza, ndipo kwa zaka zambiri inkanyamula kabichi ndi mbatata ya kachewere kuchokera kudimba. Chimwalirireni mwini wake, inakana kulira. Mayiwo ankatha kuyendetsa, anayesa, inakana. Ana a achimwene awo anayesa mmodzimmodzi, inakana. Pamapeto pake anangoika chipewa cha malemu pampando wa kumanzere, n'kutseka zitseko. Nawonso anadzitsekera m'nyumba, osapita kudimba, osapita kumsika.

Tsono panali lamulo lakuti galimoto yamafuta yosatha kulira ndi kuyenda itengedwe, ikasungunulidwe, zitsulo zake apangire njanji. Wodzaitenga anali atafika kale. Anali bambo Matewere a ku Bungwe la Zitsulo Zakale, munthu wamimba yaikulu ndi thukuta losatha, ndipo kumsewu kunaima chigalimoto chawo chokhala ndi dzanja lachitsulo lalitali ngati mtengo wa bulugama.

"Ine ndilibe nayo mlandu galimotoyi, mayi," anatero bambo Matewere akudzipepeza ndi kampango. "Koma dzuwa likafika paliwombo isanalire, dzanja lija ligwira ntchito yake."

"Tamva, bambo. Mwanena kale kawiri," anayankha mayi Nachisale ali pampando wa woyendetsa.

"Amayi, tapotozani kiyi," anatero Sungeni, mutu uli m'boneti.

Anapotoza. Kunangomveka the-the-the, ngati mano a munthu wozizidwa.

"Chilape!" kanafuula Kamasula ndi timawu take tonga ta mwana.

"Nachize!" anayankha Sungeni.

"Ndili ndi njala, ndipo pakamwa panga pamera ndevu zoyera."

"Aa, chimenecho n'cha ana. Batire!"

Zoonadi, pamitu pa batire panali patamera ufa woyera, ndipo mphamvu yotsalamo inali yosakwanira kuzunguza sitata. Sungeni anapala zomangira zake ndi burashi ya waya, n'kulumikiza batire ina imene anabwera nayo. Mafuta a m'thanki anali atasasa chifukwa chokhalitsa, choncho anawakhetsa n'kuthiramo atsopano opangidwa kuchokera ku nzimbe.

Atapotozanso kiyi, injini inazungulira, gwe-gwe-gwe-gwe, koma osagwira. Pachivindikiro cha Kamasula panawala nambala: P0335.

"Chilape! Wovina akuzungulira, koma woimba ng'oma sakumuona."

"Kakuti chiyani kanthu kanuko?" anafunsa mayi Nachisale.

"Muli kachipangizo m'munsimu kamene kamaonerera injini ikamazungulira," anafotokoza Sungeni. "Ndi kamene kamauza kompyuta ya galimoto nthawi yothethetsa moto. Nambala iyi ikutanthauza kuti uthenga wake sukufika. Mwina kafa, mwina waya wake waduka. Tione kaye tisanagule chilichonse."

Apa m'pamene nyerere zinaonetsa luso lake. Pamwamba pa kabokosi panatuluka chithunzi choyandama mumpweya, chosonyeza zimene nyererezo zinkaona. Zinadutsa m'mipata imene dzanja la munthu silingalowe, pakati pa fumbi ndi akangaude, mpaka zinapeza chisa cha makoswe ndi waya wotafunidwa pakati. Zinaunjikana, zina kukoka uku, zina kukoka uko, timano tikuthetheka, ndipo posakhalitsa waya unali umodzi ngati sunadukepo.

"Abale inu!" anatero mayi Nachisale atagwira pakamwa. "Tizilombo timeneti tili ndi khalidwe. Sitinapemphe n'komwe madzi akumwa."

Ngakhale bambo Matewere anasendera pafupi, kuiwala kudzipepeza.

Sungeni anafufuta nambala ija m'kompyuta. "Tsopano ilira, amayi. Potozani."

Gwe-gwe-gwe-gwe. Gwe-gwe-gwe. Zii.

"Kamasula, werenganso."

Ulendo uno kabokosi sikanafuule.

"Palibe nambala," kanatero. "Galimoto yati ilibe dandaulo lililonse."

"Ikunama!" anatero mayi Nachisale.

"Siikunama, amayi," anayankha Sungeni motsitsa mawu. "Imanena zokhazo zimene kompyuta yake ikuona. Chimene sichinaikidwe m'maso mwake singachitchule."

Anayang'ana kumwamba. Mthunzi wa mtengo wa pichesi unali utafupika mpaka kuthawira pansi pa mtengowo. Bambo Matewere anatsokomola.

"Chemwali, ndaonapo galimoto zambiri zotere. Nthawi zina chitsulo chimangotopa."

"Chitsulo sichitopa popanda chifukwa, bambo."

"Chilape!" kanatero Kamasula mwadzidzidzi. "Ana atatu akakumana m'chipinda chamdima, nyumba yonse imabangula."

Nkhope ya Sungeni inawala. "Moto, mpweya ndi mafuta! Manambala akatha timabwerera kwa ana atatuwa."

Anazula pulagi imodzi, kuigunditsa kuchitsulo cha injini, mayi n'kupotoza. Kunathetheka kamoto kobiriwira, kokongola ngati kanyenyezi. Moto unalipo. Anatsegula sefa ya mpweya, inali yoyera. Mpweya unalipo.

"Tsopano nonse mukhale chete," anatero Sungeni, n'kugwada pafupi ndi thanki. "Amayi, potozani pang'ono chabe, mpaka tinyali tiyake, musafike poliza. Pampu ya mafuta ikakhala bwino imayamba yang'ung'udza kaye ngati njuchi."

Onse anatchera khutu. Kunamveka nkhuku, kunamveka mimba ya bambo Matewere. Njuchi sinamveke.

Fyuzi inali yabwino. Nyerere zitapatsa pampu magetsi mwachindunji, inang'ung'udza bwinobwino, kusonyeza kuti inali yamoyo. Ndiye kuti magetsi ankasochera panjira. Kamasula kanatumiza nyerere zonse kuti zitsate waya wa pampu chobwerera m'mbuyo. Pachithunzi chija zinkaoneka ngati mkanda wowala ukukwawa kunsi kwa galimoto. Zitafika pakati, mkandawo unakhota. Panali waya wina wofiira, wokulungidwa bwino ndi tepi yakuda, umene unapatuka n'kukwera m'mwamba, kudutsa pakabowo koboola ndi dzanja, n'kukathera pansi pa mpando wa kumanzere, pamene panali chipewa cha malemu. Pamenepo panali kaswichi kokhala ndi sipuling'i.

"Waya uwu si wa kufakitale," kanatero Kamasula, ndipo sikanaphiphiritse. "Pampu siilandira magetsi mpaka munthu atakhala pampando wa kumanzere. Injini ikangolira, munthuyo atha kutsika, siizima. Wolumikiza anali katswiri."

Mayi Nachisale anasiya chiwongolero. Anayang'ana mpando uja nthawi yaitali.

"AGwaza inu," ananong'ona. "AGwaza inu, bodza lonse lija!"

"Bwanji, amayi?"

"M'mawa uliwonse, mwanawe. M'mawa uliwonse ankapotoza kiyi, galimoto n'kukana. Ndiye umve kufuula kwake: 'Nachisale! Yakananso! Tabwerani mudzainyengerere!' Ine kusiya mbale, kusiya tsache, kubwera kudzakhala apa ndikung'ung'udza. Kungokhala pansi, vuu, yalira. Ndiye amati, 'Poti mwakwera kale, tiyeni tipitire limodzi.' Kumsika konse ankauza anthu kuti galimoto iyi imakonda ine kuposa iwo."

"Nanga akamapita okha?" anafunsa bambo Matewere.

Mayiwo anayamba kuseka, misozi ikutsika. "Ankanyamula thumba la mbatata, kulikhazika pampando wangawo, n'kulimanga lamba! Ine ndinkati ndi misala ya ukalamba."

"Anali wochenjera," anatero bambo Matewere. "Wakuba amabwera yekha. Sakanaidzutsa."

"Akanakhala kuti ankaopa akuba okha," anatero Sungeni akupukuta manja, "akanabisa batani pansi pa chiwongolero monga ankachitira anzawo onse. Izi zinawatengera ntchito yambiri."

Kenako Sungeni analumpha. "Dzuwa! Amayi, pitani pampando wanu, ine ndipotoze."

"Pepani," anatero bambo Matewere, ndipo zinkaoneka kuti akupepesadi. "Lamulo likuti mwini wake ailize yekha ndi kuiyendetsa mpaka kumsewu, ine ndikuona."

"Chabwino, ndikhalapo ndine."

Sungeni ananyamula chipewa ndi manja awiri, n'kukhala pampando. Mayi anapotoza pang'ono. Njuchi sinamveke. Sungeni anadzikankhira pansi, anadumphadumpha, koma ayi.

"Sipuling'i iyi anaiyezera munthu wathupi ndithu," kanatero Kamasula.

"Kachipongwe kameneka!" anatero mayi Nachisale. "Kauzeni kuti ndinali wowonda pokwatiwa."

Thumba la mbatata panalibe, pakuti chaka chimenecho dimba linagona. Mayi ndi mtsikana anayang'anana. Kenako onse awiri anatembenukira kwa bambo Matewere.

"Ayi, ayi, ayi," anatero bambowo akubwerera m'mbuyo. "Ine ndabwera kudzatenga galimoto, osati kudzaidzutsa."

"Kodi lamulo lanulo limaletsa munthu kukhala pansi?" anafunsa mayi Nachisale. "Mwaima padzuwa kuyambira m'mawa, bambo. Pakhomo panga mlendo saima. Khalani."

Bambo Matewere anayang'ana chigalimoto chawo kumsewu, anayang'ana dzuwa, anayang'ana mayiwo. Anapuma mozama, n'kulowa. Mpando unalira kwii. Sungeni anawaikira chipewa cha malemu pamiyendo, iwo n'kuchigwira mosamala ngati mwana wakhanda.

Kiyi inapotoka pang'ono. Kumbuyo kwa galimoto, pansipansi, njuchi inang'ung'udza.

"Tsopano, amayi!"

Gwe-gwe-vuuum!

Nkhuku zinabalalika. Utsi unatuluka kumbuyo, woyamba wakuda, kenako wopepuka. Ana a m'deralo, amene chibadwire anali asanamvepo injini yamafuta, anathawa kaye n'kubwereranso akukuwa. Nkhalamba zinatuluka m'nyumba zikuseka ngati zamva mawu a mnzawo amene anapita kutali kalekale. Mayi Nachisale analowetsa giya, pikapu inadumpha, inatuluka pageti, inadutsa chigalimoto chadzanja chija, ndipo sinaime pamsewu monga linanenera lamulo. Inapitirira mpaka kumsika n'kuuzungulira wonse.

"Mayi, chepetsani! Ndaona, ndaona, ikuyenda!" ankafuula bambo Matewere, dzanja lina pachitseko, lina pachipewa. Koma pobwerera anali akuseka, ndipo chigalimoto chawo chinabwerera kwawo chopanda kanthu.

Nyerere zitayamba kubwerera m'kabokosi, Kamasula kanalankhula. "Vuto lapezeka. Ndilumikize pampu mwachindunji, ndidule waya wofiira? Galimoto izilira nthawi iliyonse, ngakhale muli nokha."

"Mwanawe," anatero mayi Nachisale, "kauze kabokosi kako kuti kakakhudza waya umenewo ndikaponda."

"Koma ndi umene umaletsa galimoto kulira," kanatero Kamasula.

"Ndamva. Usiye."

Kanyali ka Kamasula kanaphethira nthawi yaitali. Sungeni anakapanga kuti kazidziwa zinthu ziwiri zokha, chabwino ndi chowonongeka, ndipo waya wofiirawo sunkalowa mbali iliyonse.

Zimene zinatsatira palibe anaziganizirapo. Popeza galimoto sinkalira ndi munthu mmodzi, mayi Nachisale, amene anali atazolowera kudzitsekera, anayamba kugogoda pazitseko za anzawo m'mawa uliwonse. "Ndani wa kumsika? Wathupi atsogole, owonda kumbuyo!" Dimba linalimidwanso. Amayi a m'deralo anayamba kukanganirana mpando wa kumanzere, ndipo wina akakhalapo galimoto n'kukana, ankasekedwa sabata yonse kuti kwawo sakudya. Bambo Matewere nawo ankapezeka pa Lizulu kawirikawiri tsiku la msika, ati kudzaona ngati pikapu ikutsatabe lamulo, ndipo kuona kwake kunali kokhala pampando womwewo, atagwira chipewa.

Sungeni anapanga Kamasula kuti kazidzutsa injini zogona, ndipo sanadziwe kuti tsiku lina kadzatulutsa munthu m'nyumba ya maliro. Atabwerera kugaraja anakatsegula n'kukawonjezera funso limodzi. Kuyambira pamenepo, nyerere zikapeza waya wachilendo m'galimoto yakale zimaima kaye, timano tili m'mwamba, ndipo Kamasula kamafunsa mwini wake motsitsa mawu kuti, "Ndisanadule, kodi uwu unalumikizidwa molakwika, kapena pali wina amene sankafuna kuyenda yekha?"